Wosauka wa Boma, Giredi Yachitatu

Ufumu wa Tilibwino uli ndi zokolola ziwiri zimene sizilephera, fumbi ndi madigiri. Mvula ingakane, fodya angapse, koma chaka ndi chaka Yunivesite ya Chipewa imatulutsa anyamata ndi atsikana mazana anayi odziwa Chingerezi. Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachinayi imawagogoda pamutu mmodzimmodzi ndi chipewa chake n'kuwauza kuti dziko likuwadikira. Ndipo apa mfumu sinama. Dziko limawadikiradi ku Msika wa Pirirani, kumene ogogodedwa chaka chatha amasendera pang'ono pabenchi kuti anzawo akhale.

Akuluakulu a boma amakonda kunena kuti kwa munthu wa digiri ya Chingerezi zitseko zonse n'zotsekula. Izinso n'zoona, poti msika ulibe zitseko. Wina amalemba mayina a mashopu ndi mawu a kumbuyo kwa minibasi. Wina amayendetsa maukwati, kuitanira pelekanipelekani m'Chizungu chimene ngakhale mkwati sachimva. Amene anaposa onse pa ndakatulo zachisoni anapeza malo kwa wosema miyala ya pamanda, ndipo ndi yekhayo amene ntchito siimuthera.

Lekeleni Nsaliwa anali atatha zaka zitatu chigogodedwere. Ankathandiza azakhali ake, a Nagama, pabenchi ya kaunjika. Ntchito yake inali kuwerenga timapepala ta m'khosi mwa malaya n'kuuza ogula kuti chovalacho azichapa ndi madzi ozizira, ngati kuti ku Pirirani kuli madzi ena.

Chimene ankafuna sichinali chachikulu, ndipo chinkaoneka ali pabenchi pomwepo. Kuseri kwa mpanda wa msika kuli Sekondale ya Pirirani, imene inalibe mphunzitsi wa Chingerezi chaka chachinayi tsopano. Phunzirolo ankagwirizira ndi mphunzitsi wa zaulimi, ndipo ana ankadziwa mayina onse a matenda a nkhuku m'Chizungu. Lekeleni ankafuna choko, bolodi ndi kalasi imeneyo basi. Koma lamulo la Tilibwino limati palibe wolembedwa ntchito popanda kalata yosonyeza kuti anagwirapo ntchito zaka ziwiri, yokhala ndi chidindo cha mfumu. Kalatayo imaperekedwa kwa okhawo amene analembedwapo ntchito. Anzeru a m'dzikomo amati lamuloli linathetsa ziphuphu polemba anthu ntchito, pakuti linathetsa kulemba kumene.

Thandizo linachokera ku nyumba yachifumu, kumene zinthu zonse zimachokera ndi kuthera.

Tsiku lina Nduna ya Alendo ndi Zopemphapempha, Olemekezeka a Gwirambale, inakwawa ndi maondo pamaso pa mfumu ndi nduna zinzake makumi asanu ndi limodzi, nkhope ili ngati yanyambita ndimu.

"Mfumu, inu mtunda wosakwereka, inu mvula ya pa nthawi yake, alendo athu a ku Dziko la Chisanu abwerera osasiya kanthu."

"Simunawaonetse amphawi?" inafunsa mfumu. "Kapena atha? Ine ndinasiya ambiri."

"Alipo, Mfumu, mwa nzeru zanu akuchulukirachulukira. Vuto n'lakuti amphawi athu sadziwa ntchito yawo. Tinawauza kuti kukubwera alendo. Mukudziwa chimene anachita? Anasesa mudzi wonse. Anasamba. Anabwereka zovala za kutchalitchi m'midzi yoyandikana. Nkhuku imodzi imene inatsala anaphera alendowo. Atawafunsa za moyo, onse pamodzi anati, 'Tili bwino, kaya inu anzathu.' Mayi wina anamvera chisoni dona wa alendowo kuti ndi woonda, n'kumusenzetsa dengu la mtedza. Alendo alemba lipoti lakuti anthu a kuno ndi osangalala, ndipo apita kukathandiza dziko loyandikana nalo, kumene amphawi ake ndi a mwambo."

Mfumu inakanda pansi pa chisoti. "Kodi si ine ndinalamula kuti aliyense azinena kuti ali bwino?"

"Ndinu, Mfumu, ndipo linali lamulo lokoma. Koma lija linali la pawailesi. La alendo tilibe."

"Nanga titani? Tiwamange?"

"Ayi, Mfumu, kundende anganenepe. Ine ndikuti umphawi ndi nkhani yaikulu, sitingausiye m'manja mwa anthu osaphunzira. Tili ndi ana a digiri ya Chingerezi ali mbwee kumsika. Awa anawerenga mabuku a alendowo, akudziwa mtundu wa umphawi umene alendo amakonda. Funso amalimva womasulira asanayasamule, ndiye msozi umagwa pa nthawi yake. Komanso boma silidzavutika kuwaondetsa, nthiti ali nazo kale."

Nduna zonse zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha, ndipo mfumu inalengeza kuti ganizoli inalota yokha usiku wa dzana.

Galimoto ya zimkuzamawu itazungulira msika kulengeza za ntchito ya Wosauka wa Boma, woyamba kuthamangira ku ofesi anali a Nagama. Anabwerako dzuwa lili paliwombo, akupukusa mutu.

"Andibweza, Leke. Ati ndilibe mapepala."

"Mapepala a chiyani, azakhali?"

"A umphawi. Ine ndasauka zaka makumi asanu, osapumako ngakhale pa Khirisimasi, lero kamnyamata ka tayi kakundiuza kuti umphawi wanga ndi wa m'makwalala, wosavomerezeka ndi boma. Pita iweyo mwana wa achimwene. Mwina sukulu ija inali ya zomwezi."

Lekeleni anayamba wakana. Kenako anamva kuti pakutha pa zaka ziwiri wogwira ntchitoyo adzalandira kalata ya chidindo cha mfumu. Anayang'ana denga la sekondale kuseri kwa mpanda, n'kukatenga digiri yake pansi pa matiresi.

Mayeso olowera ntchito sanali ophweka. Ofunsira anali zikwi ziwiri. Anamuuza kuti ayang'ane kutali ngati munthu amene mbuzi yake yafa. Anayang'ana. Anamuuza kuti ayang'anenso ngati mbuziyo inali yobwereka. Apa ambiri anagwa, koma Lekeleni anangokumbukira tsiku limene anagogodedwa pamutu, a komiti n'kuyamba kufufuza mipango m'matumba. Analembedwa: Wosauka wa Boma, Giredi Yachitatu.

Malo a ntchito anali Mudzi Wachitsanzo wa Tsokalathu, umene anamanga mlamu wa mfumu pa mtengo wa zipatala zitatu. Madenga anabooledwa ndi amisiri odziwa ntchito. Ntchentche zinkabwera ndi galimoto ya boma Lolemba lililonse. Basi inkatula ogwira ntchito m'mawa, aliyense n'kusiya nsapato ndi foni m'kabati yake, n'kusaina polandira nsanza za tsikulo. Kusaina kwake kunali kwa chala, pakuti lamulo lalikulu la pamudzipo, loposa loletsa kuseka ndi loletsa kupatsa mlendo kanthu, linali lakuti wosauka asaonetse kuti amadziwa kulemba, kuwerenga kapena kumva Chizungu.

Pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yake Lekeleni anapeza nkhalamba ili gone pamphasa, yofa mbali imodzi. Atayang'anitsitsa anagwada.

"A Dokotala Kanzimbi! Ndinu aphunzitsi?"

"Tsitsa mawu, Nsaliwa," inatero nkhalambayo, mlomo uli chopotoka. "Ndili Giredi Yoyamba ine, usandionongere. Paja ndinkakuphunzitsani za masewero a pasiteji mumvekere n'zopanda ntchito. Wongola chitenjecho, chikuoneka chochapa."

Mlendo wamkulu anali mayi wamtali wa ku Dziko la Chisanu amene ankadziwa liwu limodzi lokha la chinenero cha m'dzikomo, ndipo ankalinena kwa aliyense, ngakhale kwa nkhuku. Anthu anangomutcha Dona Pepani. Womasulira wake anali mphwake wa nduna ya alendo ija, amene Chizungu chake chinathera pa moni. Dona akafunsa kuti, "Mayi, maloto anu aakulu ndi otani?" mphwake wa nduna ankati, "Akuti lirani." Lekeleni ankalira, n'kuyankha monga mwa malangizo a boma kuti maloto ake ndi sopo.

Zonse ankamva. Ankamva alendo akukambirana, dzanja lili paphewa pake, ngati nsomba ya kuhotela dzulo inali yabwino. Ankamva wojambula akudandaula kuti mano ake ndi oyera kwambiri, akuononga chithunzi. Iye ankangoyang'ana kutali, kumene kunafera mbuzi, n'kumawerenga miyezi.

Tsoka linamugwera mwezi wachiwiri. Dona Pepani anakhala naye pamphasa, chikwama chake chili yasa, ndipo m'chikwamamo munali buku. Linali buku lomwelo limene Lekeleni analembapo chimangirizo cha masamba makumi asanu ndi atatu chaka chake chomaliza, limene anagulitsa pambuyo pake kuti apeze ya basi yokafunsira ntchito. Maso anamuthawa. Anayang'ana bukulo monga mmene munthu amayang'anira m'bale wake amene anamva kuti anamwalira.

Dona anaona. Anagwira pamtima.

"Taonani!" anafuula m'chinenero chake. "Taonani mmene akuyang'anira zilembo! Sakudziwa kuti n'chiyani, koma mzimu wake ukuzilakalaka. Pepani! Pepani!"

Sabata isanathe kunabadwa pulojekiti yotchedwa Tsekulani Maso a Lekeleni. Inabwera ndi magalimoto khumi ndi awiri, ofesi ya nsanjika, ndi maulendo a nduna okaphunzira kunja mmene anthu amaphunzirira. Kwa Lekeleni kunabwera sileti. Akatswiri anagwirizana kuti mutu wa munthu wosauka suyenera kudzidzimutsidwa, choncho aziphunzira chilembo chimodzi pa mwezi.

A Gwirambale anamuitanitsa kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ya boma.

"Mayi Nsaliwa, ndamva kuti kusukulu munali wanzeru. Zimenezo muzisiye m'kabati pamodzi ndi nsapato. Mukafulumira kudziwa, pulojekiti itha. Pulojekiti ikatha, magalimoto abwerera. Magalimoto akabwerera, dzanja langa limachita dzanzi, silitha kudinda kalata. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

"Mwezi uno ndi wa A. Muzimulemba chogona kaye. Adzaimirire cha kumapeto kwa mwezi, alendo akabwera."

Madzulo ena a Nagama ankamufunsa akupinda malaya otsala. "Lero mwaphunzira chiyani, ana a sukulu?"

"Tikadali pa F, azakhali."

"Limbikira mwanawe. Paja achimwene anagulitsa ng'ombe kuti ufike pa Z ulendo woyamba uja. Uno ndi waulere, usaupeputse."

Lekeleni anapirira. Analemba zilembo chogona, chozondoka, chonjenjemera. Chithunzi chake chinapachikidwa pa bwalo la ndege, ali chilumire lilime, akulimbana ndi M. Anaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale nkhonoyo ikhale ya boma. Zaka ziwiri zitakwana, ali pa V, anapita ku ofesi ya nduna, ndipo zodabwitsa zinachitika: kalata inali yokonzeka. Anadinda chala, n'kutuluka nayo panja kukaiwerenga pobisika.

Inati: "Tikutsimikiza kuti Lekeleni Nsaliwa watumikira Ufumu wa Tilibwino mokhulupirika zaka ziwiri. Ndi mayi wosauka, wofatsa, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, koma akuyesetsa." Pansi pake panali chidindo cha mfumu, chofiira ngati chilonda.

Anaitengabe, pamodzi ndi digiri, kupita ku Komiti Yolemba Aphunzitsi. Wapampando, bambo wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi, anaika mapepala awiriwo pambalipambali n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, kalata mwabweretsadi, zaka ziwiri zakwana. Pamenepo tikuyamikani. Koma kalatayi ikuti simudziwa kuwerenga."

"Inali ntchito chabe, bwana. Digiri yanga ndi iyo. Ndipatseni chilichonse ndikuwerengereni."

Anatola nyuzipepala ya patebulo n'kuwerenga ndime yonse ya Chingerezi, mawu ali mbee ngati a pawailesi. A komiti anamvetsera mwaulemu. Mmodzi anapempha kuti awerengenso za mpira.

"Ifetu tikuona kuti mukuwerenga," anatero wapampando. "Koma maso athu alibe chidindo. Digiriyi ili ndi chidindo cha mfumu, kalatayi ilinso ndi chidindo cha mfumu. Mfumu silakwa. Ndiye zidindo ziwiri zikasemphana, timatsata chatsopano. Zikuoneka kuti kale munkadziwa, koma pofika mwezi uno mfumu yaona kuti simudziwa. Kodi inu mukufuna kutsutsana ndi mfumu?"

"Nanga ana aja, bwana? Chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano alibe mphunzitsi."

"N'chifukwa chake sitingawapatse munthu wosadziwa kuwerenga. Ana amenewo avutika kale mokwanira."

Kumsika a Nagama anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano.

"Ndiye kuti sukulu yonse ija akulanda ndi kapepala kamodzi? Ha! Amati sunga khosi mkanda woyera udzavala. Iwe wasunga khosi zaka ziwiri, akuveka chingwe cha mbuzi."

"Loweruka kuli mwambo ku nyumba yachifumu," anatero Lekeleni. "Akufuna ndikalakatule A mpaka V pamaso pa alendo. Ndikalankhula, azakhali. M'Chizungu. Alendowo akamve okha. Bodza likaululika, kalatayi ifa, digiri yanga idzuka."

"Akakumanga?"

"Bola. Kundende amalola mabuku."

Loweruka bwalo la nyumba yachifumu linadzaza. Mfumu inakhala pampando wake wa minyanga, nduna makumi asanu ndi limodzi zili ndanda, alendo a ku Dziko la Chisanu ali pamthunzi ndi mabotolo awo a madzi. Mfumu inalankhula maola awiri za mmene inagonjetsera umbuli, umene inati unabwera ndi mfumu yakale, bambo ake. Kenako anaitana Lekeleni, wopanda nsapato, sileti ili m'manja.

Anaika sileti pansi. Anawongola msana umene anauweramitsa zaka ziwiri, n'kutsekula pakamwa.

Chizungu chimene chinatuluka pamenepo chinali chisanamvekepo m'bwalo limenelo. Chinali cha zaka zinayi za ku yunivesite ndi zaka zisanu za mkwiyo. Ananena dzina lake ndi digiri yake. Ananena za madenga oboola dala, za ntchentche za Lolemba, za Dokotala wofa ziwalo amene amathamangira basi madzulo. Anatchula nduna kuti akuba ovala masuti, anatchula alendo kuti anthu ogula misozi pa kilo. Ananena za ana a ku Pirirani ndi matenda awo a nkhuku. Analankhula mphindi makumi awiri osapunthwa. A Gwirambale thukuta linali litafika m'masokosi. Mfumu, imene sinamve kanthu, inkayang'ana nkhope za alendo kuti idziwe ngati ikwiye.

Dona Pepani anaimirira pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu.

"Ndipo sanafike n'komwe pa W!" anafuula.

Alendo onse anadzambatuka n'kuomba m'manja. Wina anati m'zaka makumi atatu za ntchito yake sanaonepo pulojekiti yobala chonchi. Wina anatsekula fayilo n'kuonetsa anzake kuti mkwiyo wa mayiyo ndi cholinga chachitatu cha pulojekiti, chakuti wosauka ayambe kudzilankhulira, ndipo chakwaniritsidwa chaka chimodzi nthawi isanakwane. Za ntchentche ndi madenga anati n'zokoma zedi, mayiyu wayamba ngakhale kupeka nthano.

"Ndinali nayo kale digiri!" anakuwa Lekeleni. "Ndinaphunzira ku Chipewa!"

"Mwamva?" Dona anauza anzake, akupukuta m'maso. "Wayamba kulota za yunivesite. Kale ankalota sopo."

A Gwirambale, amene thukuta lawo linauma msanga kuposa mame, anakwawira kwa mfumu n'kuinong'oneza. Mfumu inaimirira, lipenga linalira, ndipo inapereka malamulo amene inati inawalota usiku wa dzana. Pulojekiti iwonjezeredwa zaka khumi. Lekeleni Nsaliwa ndi chuma cha dziko, monga mapiri ndi nyama za m'nkhalango, choncho n'koletsedwa kumulemba ntchito kwina kulikonse. Ndipo popeza zaoneka poyera kuti munthu amadziwa Chingerezi chonse ndi sileti yokha asanafike pa W, mipando yonse ya aphunzitsi a Chingerezi m'dziko yathetsedwa, kuyambira wa ku Sekondale ya Pirirani. Ana azipatsidwa chilembo chimodzi pa mwezi.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika, kumene a Nagama anafunsa wogulitsa makala kuti kwagwanji.

"Ati mwana wa achimwene anu wawatukwana onse, ndiye amukweza."

"Ndinadziwa ine," anatero a Nagama. "Dziko lino ukanena bodza amakupatsa mpando, ukanena zoona amakupatsa yunifolomu ya nsanza."

Anamukwezadi. Lero Lekeleni ndi Wosauka wa Boma, Giredi Yoyamba, ndipo salembanso pasileti. Ntchito yake ndi kubwereza mawu aja, onse monga anawanenera, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse alendo akabwera. Boma linawasindikiza, ndipo mkwiyo wake umayesedwa ndi komiti miyezi itatu iliyonse kuti usatsike. Masiku ena mawu amamuthera pakati, n'kungoima duu, maso ali kumene kuli denga la sekondale. Zikatero a Gwirambale amasendera pafupi, pepala lili m'manja, n'kumukumbutsa mwaulemu wonse:

"Mwadumpha paja mumatitchula akuba, mayi. Bwererani pamenepo. Alendo amapakonda."